Jekete la Batani

Kasingano anali mwana wa telala. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake. Anali mtsikana wowonda. Ankalowa paliponse, ngakhale posayenera.

Kasingano anali ndi galu. Galuyo dzina lake anali Batani. Mphuno yake inali yakuda. Inali yozungulira ngati batani la malaya.

Batani sanali galu wokongola. Apa tisanamizane. Khutu lina linkaimirira. Khutu lina linkagona. Pamsana pake panali chipsera chachikulu. Anapsa ndi madzi otentha ali kamwana. Pamalo pamenepo ubweya sunamerenso.

Ana a mumsewu wawo ankamuseka tsiku ndi tsiku.

"Galu wachigamba! Galu wachigamba!" ankakuwa anawo.

"Iwe Kasingano, bambo ako si atelala? Auze amusoke!"

Batani analibe nazo ntchito. Ankangogwedeza mchira. Koma Kasingano zinkamupweteka. Zinkamupweteka mpaka mumtima. Ankathawira m'nyumba. Ankalowa pansi pa tebulo la bambo ake. Kumeneko ankalira osatulutsa mawu.

Kasingano ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna wina anene kuti, "Galu uyu ndi wokongola."

Pansi pa tebulo panali thumba la zidutswa za nsalu. Tsiku lina Kasingano analikhutula. Anapeza chidutswa chofiira. Chinali chachikulu. Chinali chokhuthala ngati bulangeti. Chinatsala pa chikhoti cha nyengo yozizira.

Kasingano anayang'ana nsaluyo. Anayang'ana msana wa Batani. Anayang'ananso nsaluyo.

"Batani, ndikusokera jekete," ananong'ona. "Chipsera chako sadzachionanso."

Anatenga singano. Anatenga ulusi. Anasoka tsiku loyamba. Anasoka tsiku lachiwiri. Singano inamubaya kasanu. Iye sanalire. Ankangoyamwa chala n'kupitiriza.

Tsiku lachitatu jekete linatha. Linali ndi kolala. Linali ndi mabowo a miyendo. Linalinso ndi kathumba pambali, ngakhale galu alibe choika m'thumba.

Koma panali vuto limodzi. Kasingano sankadziwa kuika zipi. Bambo ake anali asanamuphunzitse. Jeketelo linalibe chotsekera.

Inali nyengo yotentha. Loweruka kunali masewera a masukulu onse. Ankachitikira pabwalo lalikulu, kumapeto kwa tauni. Kunali kuthamanga. Kunali mpira. Kunalinso gulu loimba malipenga.

Zovala za gululo anasoka ndi bambo a Kasingano. Choncho nawonso ankapita kubwaloko. Buluku la wina likang'ambika, ankafunika kulisoka pompo.

M'mawa umenewo amayi ake analawirira kuntchito. Bambo ake anali pa makina osokera. Buluku lomaliza linali lisanathe. Pakamwa pawo panali mapini anayi.

"Ababa, ndimutenge Batani kumasewera?" anafunsa Kasingano.

"Mmm," anatero bambo ake.

"Ndimuveke jekete?"

"Mmm."

Telala akaluma mapini, chilichonse amangoti "Mmm." Mutha kumupempha ngakhale nyumba yake. Bambo ake sanacheuke n'komwe. Anamaliza buluku lija. Ananyamula chikwama chawo cha singano.

"Undipeza konko," anatero. Anatuluka mothamanga.

Kasingano anaveka Batani jekete. Anamugoneka chagada. Anakumanitsa mbali ziwiri za jekete pamimba pake. Kenako anazisokera pamodzi. Anayambira pakhosi mpaka pamimba. Anabwerezanso kachiwiri. Bambo ake ankati msoko wabwino ndi wobwereza. Jekete linathina bwinobwino. Silikanavuka.

Batani anadzigwedeza. Anayesa kuluma kolala. Analephera.

"Usatero, iwe," anatero Kasingano. "Lero wachena."

Ananyamuka. Dzuwa linali litakwera kale. Msewu wa tala unali wotentha. Kasingano anali atavala nsapato. Sankamva kanthu. Batani analibe nsapato. Ankatukula phazi ili. Ankatukula phazi ilo.

"Ukuvina, eti?" anaseka Kasingano. Anakoka chingwe, n'kumapita.

Kubwalo kunali anthu ochuluka zedi. Kulikonse kunali miyendo yokhayokha. Ng'oma zinkagunda. Malipenga ankalira. Fumbi linali koboo. Batani anapinda mchira. Anadzikanikiza pamiyendo ya Kasingano.

Kenako mayi wina analoza.

"Taonani galu uyo! Wavala jekete!"

"Koma ndiye wachena!" anatero bambo wina.

Wina anamujambula pafoni. Ana a mumsewu wawo anabweranso. Lero sanaseke.

"Wasoka wekha?" anafunsa mmodzi.

"Ndekha," anayankha Kasingano.

"Eee! Galu wako ndi wokongola."

Mawu aja ankawafuna aja! Kasingano anakondwa kwambiri. Anazungulira bwalo ndi Batani. Anazungulira kamodzi. Anazungulira kawiri. Anazungulira katatu. Ankafuna aliyense amuone.

Batani anayasamula kukamwa. Lilime linatuluka. Linali lalitali. Linali lofiira kwambiri. Ankapuma mofulumira. Wefu, wefu, wefu.

"Taonani, akuseka!" anatero Kasingano. "Wakondwa ndi jekete lake."

Batani sankaseka. Batani ankapsa. Koma galu alibe mawu. Ndipo Kasingano analibe madzi. Chingwe anatenga. Chipewa chake anatenga. Madzi anaiwala.

Mpikisano wothamanga unayamba.

"Tiye tikaonere!" anakuwa ana aja.

Kasingano anakoka chingwe. Batani anakana kuyenda. Anakhala pansi. Kasingano anakokanso. Batani anagona.

Pafupi panali khoma. Pambali pa khomalo panali kamthunzi. Kasingano anamukokera Batani pamenepo. Anamangirira chingwe pachitsulo.

"Dikira apa. Ndibwera pompano," anatero.

Pompano wa mwana ndi wautali. Anathamanga atsikana. Kasingano anaomba m'manja. Anathamanga anyamata. Kasingano anaombanso m'manja. Anathamanga aphunzitsi. Mmodzi anagwa. Aliyense anaseka.

Dzuwa linkakwera. Mthunzi wa khoma unkachepa. Unachepa. Unachepanso. Kenako unatheratu. Chingwe chinali chachifupi. Batani analibe kothawira.

Kasingano anakumbuka mochedwa. Anathamangira kukhoma kuja.

Batani anali atagona cham'mbali. Maso ake anali otseka. Dovu linkayenderera kukamwa kwake. Mimba yake inkakwera ndi kutsika mofulumira.

"Batani! Dzuka!"

Batani sanadzuke.

"Batani, ndabwera! Dzuka, tizipita!"

Mchira wake sunagwedezeke. Kasingano anagwira jekete. Linali lotentha. Analowetsa dzanja pakhosi pa galuyo. Panali potentha koposa. Mantha anamugwira.

Anakoka jekete. Silinavuke. Anakoka ndi manja awiri. Silinavuke. Analuma ulusi ndi mano. Msoko unali wobwereza. Sunaduke.

"Mayo ine! Ndithandizeni!" anakuwa Kasingano. "Galu wanga akufa!"

Anthu anabwera. Anamuzungulira. Aliyense anali ndi nzeru zake.

"Mupatseni mkaka," anatero wina.

"Ayi, mumuimike," anatero wina.

"Wafa kale ameneyo," anatero bambo wina. Iye ankadya chimanga chake.

Koma palibe amene anawerama.

Kenako panafika mayi wina wovala chipewa chachikulu. Anabwera kudzaonera mwana wawo akuthamanga. Mayiwo anali dokotala wa ziweto.

"Tapatukani!" anakuwa. "Mukumutsekera mpweya!"

Anamasula chingwe. Ananyamula Batani. Anakamugoneka pamthunzi wa tenti. Anayang'ana m'kamwa mwake. Nkhope yawo inasintha.

"Wamuveka ndani chibulangeti chimenechi?"

"Ndine," anayankha Kasingano. Mawu ake anali aang'ono.

"Chimavulidwa bwanji?"

"Sichivulidwa. Ndinasokera pamimba."

Adokotala anamuyang'ana. Sanamukalipire. Nthawi yokalipa panalibe.

"Pakufunika sizasi. Msanga, mwanawe!"

Kasingano anathamanga. Anthu anali atatseka njira. Iye anadutsa pakati pa miyendo yawo. Anadutsa pansi pa matebulo. Anadutsa pansi pa chingwe cha bwalo. Chipewa chake chinagwa. Sanachitole.

Bambo ake anali kuseri kwa tenti ya oimba. Anali atagwada. Ankasoka buluku la woimba lipenga wonenepa. Pakamwa pawo panali mapini.

"Ababa, sizasi!"

"Mmm."

"Ababa! Batani akufa!"

Mapini onse anagwa pansi. Bambo ake ananyamula chikwama. Anathamanga pambuyo pa mwana wawo. Woimba lipenga anatsala atagwira buluku lake.

Atafika, bambo anatulutsa sizasi yaikulu. Anagwada. Jekete linali litamatirira pathupi la galuyo.

"Msoko sindikuuona," anatero. "Ndimucheka khungu."

"Ndipatseni, ababa," anatero Kasingano. "Ndikudziwa pomwe ndinasoka."

Analowetsa zala ziwiri pansi pa nsalu. Zala zake zinali zazing'ono. Zinalowa. Zinatchinga khungu la Batani. Kenako anayamba kudula. Anadula kolala. Anadula pachifuwa. Anadula pamimba. Misozi inkamutseka m'maso. Anaipukuta ndi phewa. Anadulabe.

Jekete linatseguka. Ntchito ya masiku atatu inatha. Kasingano analikankhira kumbali.

"Tsopano madzi!" anatero adokotala. "Madzi a pampopi. Ambiri!"

Ana a mumsewu aja anali ataima pomwepo. Anayang'anana. Kenako anathamangira kumpopi ndi mabotolo awo.

"Thirani pamimba," anatero adokotala. "Thirani pakhosi. Thirani m'mapazi."

Kasingano anathira pamimba. Anathira pakhosi. Anathira m'mapazi. Bambo ake anatola katoni. Anayamba kumukupiza. Anakupiza mpaka mkono unatopa. Anasintha mkono.

"Ndimumwetse?" anafunsa Kasingano.

"Usamukakamize. Angatsamwe. Ika madzi m'dzanja. Anyambite yekha."

Kasingano anaika madzi m'dzanja. Analiika pafupi ndi kamwa la Batani. Anadikira. Anadikirabe.

Lilime linasuntha. Linanyambita kamodzi. Diso limodzi linatseguka. Koma mchira sunagwedezeke.

Adokotala anatukula phazi la Batani. Pansi pake panali matuza.

"Wayenda naye pa tala?"

"Ee."

"Tavula nsapato. Ponda apo."

Kasingano anavula nsapato imodzi. Anaponda pamsewu wa pambali pa tenti. Anadumpha. Panali potentha ngati chiwaya.

"Ndimaona ngati akuvina," anatero Kasingano. "Ndimaona ngati akuseka."

"Ankakuuza kuti akupsa," anatero adokotala. "Iwe ukatenthedwa umatuluka thukuta. Galu satero. Iye amadziziziritsa ndi lilime. Ubweya wake ndi chovala kale. Kukatentha amafuna madzi ndi mthunzi. Ndipo mthunzi umasuntha, mwanawe. Tsiku ngati la lero, galu amasangalala kunyumba."

Kasingano anavalanso nsapato yake. Anangoyang'ana pansi.

Adokotala anali ndi galimoto. Anapita ndi Batani kuchipatala cha ziweto. Kumeneko anamuika diripi. Anamupaka mankhwala m'mapazi. Anamumanga mabandeji. Kasingano anakhala pabenchi. Kunja malipenga ankamvekabe chapatali. Iye anatseka makutu.

Madzulo adokotala anatuluka.

"Mutengeni. Akagone pamalo pozizira."

"Achira?" anafunsa Kasingano.

"Sindikudziwa, mwanawe. Sindikufuna kukunamiza. Akayamba kudya, wapulumuka. Akapanda kudya pofika Lolemba, mubwere nayenso."

Kunyumba anapeza amayi atabwera. Amayi anamva nkhani yonse. Anayang'ana Batani. Anayang'ana Kasingano. Kenako anayang'ana amuna awo.

"Nanga inu munali kuti?"

"Ndinali pomwepa," anayankha bambo. "Mwanayu anandifunsa. Ine sindinamvetsere. Sindinacheuke n'komwe."

Amayi anapumira m'mwamba. Anakolopa pansi ndi madzi ozizira. Anatsegula mawindo onse. Anamugoneka Batani pafupi ndi chitseko.

Lamlungu linafika. M'nyumba munali zii. Makina osokera sanalire. Wailesi sinalire.

Kasingano anabweretsa mpunga. Batani sanadye. Anabweretsa nyama. Batani sanadye. Anabweretsa dzira lophika. Batani anatembenuza mutu. Anangonyambita timadzi.

Masana wina anagogoda pachitseko. Anali ana a mumsewu aja.

"Ali bwanji?" anafunsa monong'ona.

"Sakudya," anayankha Kasingano.

Anawo anaima pang'ono. Anabwerera mwakachetechete.

Kasingano anagona pansi pafupi ndi galu wake. Anaika dzanja pachipsera chija. Chinali chosalala. Chinali chofunda.

"Pepa, Batani," anatero. "Iwe sunkachita manyazi. Manyazi ndinkachita ndi ine. Pepa kwambiri. Ingodya. Chonde, ingodya."

Batani anamuyang'ana ndi diso limodzi. Kenako analitseka. Kasingano analira. Ulendo uno analira mokweza. Amayi ake anabwera. Anakhala naye pansi. Anamusisita pamsana mpaka anatonthola.

Lolemba kunacha. Mbale ya Batani inali yodzazabe.

"Tibwerere naye kwa adokotala," anatero bambo.

Amayi anaphika tiyi. Anadula buledi. Anapaka majarini. Aliyense anamupatsa wake. Kasingano sanadye. Anangomugwira m'manja.

Bambo anaika buledi wawo pakampando. Anawerama kuti amange nsapato. Anamanga yoyamba. Anamanga yachiwiri. Anatambasula dzanja. Pakampando panalibe kanthu.

"Buledi wanga ali kuti?"

"Kaya," anatero amayi.

"Kasingano, watenga ndi iwe?"

"Si ine, ababa."

Onse atatu anatchera khutu. Pansi pa kampando pankamveka phokoso. Wina ankatafuna.

Kasingano anasuzumira. Batani anali pamenepo. Anali atakwawa ndi mabandeji ake. Pamphuno pake panali majarini. Anameza. Ananyambita milomo. Mchira wake unamenya pansi. Unamenya kamodzi. Unamenya kawiri.

"Wadya!" anakuwa Kasingano. "Amayi, wadya! Ababa, wadya!"

Anamukumbatira pakhosi. Ankaseka. Ankaliranso.

"Wakuba iwe," anatero bambo. "Nanga ine ndidya chiyani?"

"Imwani tiyi," anatero amayi. Anagwada. Anapatsa Batani buledi wawo.

Batani anamaliza wa bambo. Anamaliza wa amayi. Kenako anakweza mutu. Anayang'ana buledi wa Kasingano.